Mwendo Wachinayi wa Tebulo la Ba Maka

Uthenga wa imfa ya Ba Maka unandipeza ndili pa makwerero, ndikupaka pulasitala nyumba ya munthu wina cha kumapeto kwa komboni ya George mu Lusaka. Mwana wawo wamkazi, Esinati, anaima pansi atafunda chitenje kumutu, n'kunena mawu ochepa chabe.

"Ba Njobvu, batate batisiya lelo kuseni."

Ndinatsika, ndinasamba m'manja mu ndowa ya madzi a simenti, n'kuyamba kumutsatira. Koma titafika pamphambano ya pampopi, iye anakhotera kunyumba ya maliro, ine miyendo inandipititsa ku thaveni ya Bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda. Ndinalowa n'kukaima pafupi ndi tebulo la pulu, masewera aja olowetsa timipira m'maenje ndi ndodo, maso ali pa mwendo wake wa kukona ya kuzenera. Bambo wina amene ankamwa masese pakhomo anaganiza kuti ndagwetsa kanthu, mpaka anagwada kuti andithandize kufunafuna.

Ndinene msanga, kuti wowerenga asanditenge ngati munthu wabwino. Ba Maka anali katswiri wa pulu woposa onse amene ndinawaonapo, ndipo ine ndi amene ndinawachotsa pa tebulo limenelo. Kuyambira tsiku limene ndinatsegula pakamwa panga mpaka tsiku limene anamwalira, sanamenyenso mpira ndi ndodo. Ndakhala zaka zambiri ndikuyesa kumvetsa zimene zinachitika masana amenewo, ndipo mpaka lero mutu wanga sugwira.

Amene anayamba kumwa pa thaveniyo mochedwa ankangowadziwa ngati mdala wosesa tebulo. Ankafika m'mawa uliwonse cha m'ma 9 koloko, malaya oyera atawapinda manja kawiri, n'kusesa nsalu yobiriwira ija ndi bulashi yawo. Akatha ankatenga mpira woyera, kuugubuduza ndi dzanja kuchokera kumutu kwa tebulo, n'kumauyang'ana mpaka utaima. Kenako ankapukusa mutu n'kukakhala pa benchi la pansi pa zenera, manja ali pa maondo, tsiku lonse kuonerera ena akusewera. Ukawauza achinyamatawo kuti mdala ameneyu ankatha kulowetsa mipira yonse iwe usanagwire n'komwe choko, ankaseka, amati ndi nkhani za madala.

Dzina lawo lenileni anali a Lazaro Sakala, ochokera cha ku Katete, koma ngakhale kutchalitchi ankawalemba kuti Ba Maka. Dzinali linachokera ku ntchito. Dziko lisanalandire ufulu ankagwira pa kalabu ina ya azungu m'tauni ngati maka, ndiye kuti munthu wolemba zigoli pa bolodi, wotolera mipira ndi kusamalira matebulo. Munthu wakuda sankaloledwa kusewera. Iwo ankati zaka zonsezo ndodo ankangoigwira poipukuta, ndipo masewerawo anawaphunzira ndi maso, komanso ndi dzanja pogubuduza mipira m'mawa kuti aone ngati matebulo ali owongoka. Ife sitinkakhulupirira. Tinkawaseka kuti azungu akapita kukadya, iwo ankatseka chitseko n'kudzipatsa ufulu wawo dziko lonse lisanaulandire. Sankaseka nawo, sankakananso kachiwiri.

Azungu atayamba kulongedza, kalabuyo inagulitsa katebulo kena kamene kanali m'chipinda chakumbuyo. Anakagula anali malemu amuna awo a Bana Chanda, omwe anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi. Tebulo linafika mu George pa lole, Ba Maka atakhala kumbuyo akuligwirira ndi manja onse awiri, akukalipira dalaivala pa dzenje lililonse la mumsewu. Sanabwererenso kukalabu. Anapeza kanyumba pafupi, n'kumakonza mapulayimasi ndi nyali pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu ankanena moseka kuti mdalayo anagulidwira kumodzi ndi tebulo.

Tebulo linali la Bana Chanda, koma malamulo ake anali a Ba Maka. Kapu ya mowa siinkaloledwa m'mbali mwake. Ndudu ayi, kukhalira ayi, kutsamira ndi chigongono ayi. Nsalu ankaisesa molowera mbali imodzi yokha, ndipo Loweruka m'mawa ankaisita ndi simbi yamakala atayala pepala pamwamba. Tsiku lina anapeza Bana Chanda ndi amayi anzawo a kutchalitchi akudulira nsalu za yunifolomu pa tebulo lomwelo, lumo lili gwa pa nsalu yobiriwira. Sabata yathunthu sanalankhulane. Ankaima motalikirana mapazi awiri okha, koma mawu ankadutsira mwa ife.

"Njobvu, bauze ba mayo aba kuti iyi si shopu ya telala."

"Ba Njobvu, bauzeni ba mudala kuti tebulo ni yanga, ningagonepo ngati nafuna."

Ine ndinkangotembenuza mutu uku ndi uku, uthenga utafika kale wokha.

Kasewerede kawo kanali kokwiyitsa. Ife tinkamenya mpira mwamphamvu kuti phokoso likamveke ku Matero, iwo ankangoukhudza. Mpira unkayenda pang'onopang'ono mpaka iwe kuyamba kusangalala kuti sufika, kenako n'kugwera m'dzenje, woyera uja n'kukaima pamalo pomwe ankaufunira. Lamulo la pa tebulo linali lakuti wopambana amakhalabe, ndiye akanatha kuligwira tsiku lonse, koma akapambana kasanu ankati msana wawawa n'kusiyira ena. Sankasewera za kubetcha. Malaya awo akakhudza mpira, ngakhale palibe amene waona, ankaimika dzanja n'kunena okha kuti alakwa. Ankakonda kutiuza kuti munthu akaphonya asamayang'ane ndodo ngati yamulakwira, ayang'ane pamene waponda. Ankatinso tebulo limafunika kulifunsa m'mawa uliwonse, chifukwa silidzuka mmene linagonera.

Mawu omalizawa tinkawamva mwathumwathu, chifukwa cha kanthu kamene kanali pansi pa mwendo uja.

Chaka chilichonse mvula ikangosiya, Ba Maka ankaitana amuna anayi kuti tinyamule kona ya kuzenera. Tikanyamula, iwo ankagwada atatifulatira, n'kusolola kaphukusi kakang'ono kokulungidwa m'kansalu kobiriwira, komangidwa ndi ulusi wakuda. Ankapita nako kuseri kwa thaveni, ife tili chinyamulire thukuta lili kamukamu. Akabwerako ankakabwezera pamalo pake, ife n'kutsitsa, iwo n'kugubuduza mpira woyera uja. Ukayenda mowakomera ankagwedeza mutu, basi mwambo watha.

"Ba Maka, ni vichani ivo?" tinkafunsa.

"Ni vanga."

Yankho limenelo linatikwanira. Tonse tinadziwa kuti ndi chithumwa. Ena ankati anakachitenga kwa sing'anga wa ku Chawama, ena ankati anachoka nacho kwawo, ena mpaka ankatchula zimene zinali m'kati ngati anazionapo. Ngakhale mkulu wa mpingo amene ankabwera kudzamwa zoziziritsa kukhosi ankailambalala kona imeneyo. Ine ndine mmisiri womanga nyumba. M'chikwama mwanga munkakhala levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma, ndipo tsiku lililonse ndinkaika timiyala pansi pa mafelemu a zitseko kuti awongoke. Ndinkadziwanso bwino kuti dothi la George limamwa madzi nthawi ya mvula, simenti n'kumatitimira. Komabe pa anthu onse amene ankakhulupirira za chithumwacho, ine ndinali patsogolo. Munthu ukagonja zaka zisanu ndi ziwiri kwa munthu mmodzi, umafuna chifukwa chimene sichili m'manja mwako.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wamkulu aliyense ankayenera kukhala ndi khadi lake, latsopano chaka ndi chaka. Pakhomo la msika ndi pokwerera basi pankaima anyamata a chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa, nthawi zina atagubuduzidwa kaye m'matope. Tcheyamani wa dera lathu anali a Daka, bambo wonenepa wokonda suti ya manja aafupi. Sanali munthu woipa mtima. Pulu ankaikonda kwambiri koma siinkawakonda, ndipo enafe tikamasewera nawo manja ankatilemera mwadala. Ba Maka okha ndi amene ankawagonjetsa mosanyengerera, kenako n'kuwasonyeza poika phazi.

Linali Loweruka masana, mvula itangosiya kumene, chaka china mwa zaka zija tinkalawirira pamzere wa ufa. Thaveni inali yodzaza. A Daka analipo ndi anyamata awo atatu. Ine ndinali nditamwa makapu awiri, ndipo tsiku limenelo dzanja langa linadzuka bwino kuposa masiku onse a moyo wanga. Ndinalowetsa mipira yanga yonse Ba Maka akadali ndi iwiri. Unatsala wakuda wokha, utalunjika dzenje la kuzenera. Ndinaumenya pang'ono, mmene iwo omwe anandiphunzitsira. Unayenda, unayenda, unafika pakamwa penipeni pa dzenje, n'kuima ngati mwana wokana kulowa m'kalasi.

Anthu anakuwa. Ba Maka anatulutsa choko m'kachitini kawo.

"Awe!" ndinakalipa ine. "Iyi si gemu! Mpira ungaimilile bwanji pamene paja? Ni vija vili pansi! Vichoke lelo, tione ngati bazawina!"

"Njobvu, siya," anatero Ba Maka motsitsa mawu. "Wachepesa mphamvu chabe. Siya."

Mawu akuti siya anawanena kawiri. Ndinadzakumbukira pambuyo pake kuti powanena sankayang'ana ine, ankayang'ana kumene kunakhala a Daka. Koma nthawi imeneyo ndinali nditapsa mtima, ndipo kundiletsako kunangonditsimikizira kuti ndagwira mfiti. Ndinapitiriza kukuwa mpaka a Daka anaimirira n'kukonza suti yawo.

"Mu seksheni yanga sinifuna va umfwiti," anatero. "Ba Maka, ngati ni vamankhwala, vichoke. Ngati si vamankhwala, muyopa chani? Anyamata, nyamulani."

"Ba Tcheyamani mukwai, lekani, muzaniphwanyila tebulo," anadandaula Bana Chanda. Ataona kuti palibe akuwamvera anathamangira kuseri n'kubwera ndi mchere m'manja, n'kuwaza pakhomo.

Anyamata aja ananyamula. Palibe amene anafuna kukagwira kaphukusiko ndi dzanja, ndiye ine ndinakakankha ndi kumbuyo kwa ndodo yanga mpaka kanatulukira poyera. Anthu anabwerera m'mbuyo. Atatsitsa tebulo, mipira inayi imene inatsala inayamba kuyenda yokha. Wakuda uja, umene unali utabwerera pakati ponyamula paja, unagubuduka pang'onopang'ono kulowera kuzenera, n'kugwera m'dzenje lija. Palibe amene anaomba m'manja.

Mnyamata mmodzi anadula ulusi ndi lezala, mkono atautambasula, nkhope atayang'ana kumbali. M'kati mwa kansalu munali pulasitiki, ndipo m'kati mwa pulasitiki munalibe mano, munalibe tsitsi, munalibe mchira wa chilichonse. Munali makhadi a chipani, osanjikizana, atapanikizika mpaka kulimba ngati kathabwa. A Daka anawatola n'kuyamba kuwamatula limodzilimodzi. Lililonse linali ndi dzina la Lazaro Sakala. Lapamwamba penipeni linali la chaka chomwecho.

Mowa unandithera m'mutu nthawi yomweyo. Chikanakhala chithumwa tikanaseka, tikanachitentha panja, mawa lake n'kuyambiranso kusewera. Izi zinali zina. Anthu ankamenyedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ndipo chilolezo cha thaveni ya Bana Chanda chinkadalira kalata ya a Daka omwewo. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo ndinalakalaka simenti ija itatitimira ndi ine ndemwe.

"Ba Maka," anatero a Daka, mawu atasintha. "Ivi ni vichani?"

"Tebulo inali yopendama."

"Mu Lusaka yonse mulibe mapepa yenangu?"

"Katoni imamwa manzi. Pulanga imafufuma. Kadi ni yolimba, elo yonse ni saizi imozi. Simenti ikangena pansi pang'ono, nifakapo imozi, yalingana."

"Nanga iyi ya chaka chino?"

"Mvula inachuluka."

Wina kumbuyo anaseka mwangozi n'kudzitseka pakamwa. Ine ndinayang'ana nkhope ya Ba Maka kuti ndione ngati akunyoza. Sindinaonepo kanthu. Ankayankha mmene ankayankhira munthu wofunsa chimene chavuta pa pulayimasi yake.

"Mwanyoza chipani," anatero a Daka.

"Nagula chaka na chaka, ba Tcheyamani. Sininajumphepo. Belengani."

Anyamata aja anayamba kulankhulira pamodzi. Wina ankafuna kuti mdalayo apite naye ku ofesi, wina ankati tebulo litulutsidwe litenthedwe anthu onse akuona. Bana Chanda anagwada pansi. A Daka anapukuta thukuta, n'kuyang'ana tebulo lija nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti nawonso mtima unkawawawa, koma anyamata awo anali pomwepo, ndipo nkhani ikanafika kumtunda kuti Tcheyamani anaona khadi likupondedwa ndi mwendo wa tebulo n'kungoseka, iwo ndi amene akanayankha.

"Tebulo izankhala," anagamula. "Ku ofesi kulibe wamene ayenda. Koma imwe Ba Maka, kuchoka lelo, simuzagwilanso ndodo mu seksheni muno. Nikamvela kuti mwateya pulu, thaveni nivala na loko."

"Namvela," anatero Ba Maka. "Koma yakudala munibwezele. Ya chaka chino mungasunge. Tebulo izavutika."

A Daka anaika makhadi onse m'thumba la suti n'kutuluka. Ba Maka anapukuta ndodo yawo ndi mpango kuyambira kunsonga mpaka kumbuyo, anaimangirira kachingwe, n'kuipachika choimirira pa msomali wa pambali pa zenera kuti isapindike. Zimenezo ndinaziona bwino, ndipo zinandilimbitsa mtima pang'ono. Ndinati munthu wosamala kuti ndodo isapindike ndiye kuti akudziwa kuti adzaigwiranso.

M'mawa mwake ndinapita kwawo kukapepesa. Ndinawapeza pansi pa mango akuchotsa mwaye m'pulayimasi. Ndinalankhula zambirimbiri, misozi ili pafupi. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Nanga upepesa chani?" anafunsa. "Si unaona bulaki inangena? Wawina."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiseka, ankanditonthoza, kapena ankangonena malamulo a masewera. Sanandikalipirepo. Ankandipatsa moni tsiku lililonse monga kale, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama. Akanatha kukasewera ku Matero kapena ku Kanyama, kumene a Daka analibe mphamvu, ndipo anthu a kumeneko anabwerapo kudzawatenga. Anakana. Anati matebulo a kumeneko sawadziwa.

Ine ndinayesa kukonza chimene ndinawononga. Ndinabwera ndi levulo yanga, ndinapala kathabwa, ndinadula tizidutswa ta malata, ulendo wina mpaka ndinathira simenti yatsopano pakonapo. Kadontho ka mu levulo kankaima pakati penipeni. Kwa tonsefe tebulo linali bwino, ndipo tinkasewera osadandaula. Koma Ba Maka akagubuduza mpira wawo, unkayenda bwino ndithu, kenako utatsala pang'ono kuima unkapatukira kuzenera, pang'ono pokha, mwina mulingo wa chala chimodzi.

"Levulo yako ikamba va nyumba," ankatero. "Funsa mpira."

Zipani zambiri zitabwerera, zinthu zinatembenuka m'sabata imodzi. Anthu amene dzulo lake ankaonetsa makhadi monyadira anayamba kuwatentha pa mbaula. Anyamata a chipani chatsopano anamva nkhani ya Ba Maka ndipo anabwera ku thaveni akuimba, kufuna kuwanyamula pamapewa. Amati uyu ndiye mdala amene anapondetsa chipani ndi tebulo pamene ena tonse tinkanjenjemera. Ba Maka anagwira benchi ndi manja awiri.

"Sininali kulimbana na munthu ine," anatero. "Nisiyeni."

Patapita masiku angapo kunabwera a Daka, ataonda, suti ija ikuwakulira. Analowa mwakachetechete, anatsitsa okha ndodo ija pa msomali, anaipukuta fumbi ndi mkono wa suti, n'kuipereka kwa Ba Maka ndi manja awiri. Thaveni yonse inaimirira. Ine ndinasendera pafupi ndi tebulo.

"Teyani, mudala," anatero a Daka. "Vija vinasila."

Ba Maka analandira ndodoyo n'kuiyang'ana m'litali mwake ndi diso limodzi. Inali yowongoka.

"Makadi yanga?"

"Ninashoka pa mbaula," anayankha a Daka, maso ali pansi. "Pamozi na yanga."

Ba Maka anatenga mpira woyera n'kuugubuduza. Tonse tinauperekeza ndi maso. Unayenda, unachepetsa liwiro, n'kupatukira kuzenera. Anabwezera ndodo pa msomali n'kukhala pa benchi.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga wachiwiri, umene sindinauzepo munthu. Ine makhadi anga sindinatenthe. Ndinauza anthu onse kuti ndatentha, koma anali m'sutikesi pansi pa bedi, chifukwa ndinkaopa kuti mwina zinthu zitembenukanso. Tsiku limenelo ndinawakumbukira. Koma kuwatulutsa kukanakhala kuvomera pamaso pa anthu kuti ndinanama, ndipo masiku amenewo munthu wosunga makhadi ankasekedwa. Komanso mumtima ndinkati mdalayu ndi makani chabe, palibe chimene khadi lingachite chimene thabwa lopala bwino lingalephere. Ndinati ndidzabwera nawo tsiku lina kukakhala anthu ochepa. Zaka zinadutsa ndikunena zomwezo.

Pa maliro ndinkayembekezera kuti mwina wina anena chinthu chondimasula. M'malo mwake ndinabwerako nditasokonezeka kuposa kale. Woimira chipani chatsopano ananena kuti malemuwa anali munthu wolimba mtima amene ananyoza ulamuliro wakale poyera. A Daka, akuyendera ndodo, anapempha mpata n'kunena kuti pa anthu onse a m'dera lawo, Lazaro Sakala yekha ndi amene sanadumphitsepo chaka osagula khadi, ndipo iwo anawerenga okha ndi manja awo. Mkulu wa mpingo anati chachikulu n'chakuti zinadziwika kuti sanali wamankhwala. Aliyense anakhala pansi atakhutira.

Pobwerera kumanda ndinayenda ndi Esinati, ndipo ndinamufunsa ngati bambo ake ananenapo kanthu kunyumba. Anandiuza kuti chaka chija cha mlandu wa makhadi bambo ake anasiya kupita kumsika, ndipo m'tauni ankapita wapansi m'malo mokwera basi. Banja lonse linkaganiza kuti khadi analitaya ndipo akuchita manyazi kunena. Anandiuzanso kuti m'bokosi lawo anapezamo kambendera ka tsiku la ufulu, kositidwa bwino, kokulungidwa m'kansalu kobiriwira kofanana ndi ka kaphukusi kaja.

"Manje banali kuchikonda chipani olo banali kuchizonda?" ndinafunsa.

"Ba Njobvu, ine siniziba. Batate benze kukamba chabe va tebulo."

Atatero anatulutsa bulashi ija m'chikwama n'kundipatsa. Anati bambo ake ananena kuti ipite kwa Njobvu. Sananene chifukwa.

Lachitatu lapitali ndinapita ku thaveni m'mawa, asanayambe kugulitsa. Bana Chanda anakalamba, amene amayendetsa malowo tsopano ndi mwana wawo Chanda. Ndinapempha iye ndi amuna awiri amene ankatsitsa makireti kuti andinyamulire kona ya kuzenera. Ndinachotsa thabwa langa lija ndi malata onse, n'kutulutsa makhadi anga m'thumba. Chanda anawayang'ana, n'kundiyang'ananso ine.

Ndinayamba ndi asanu ndi atatu. Mpira unathamangira kuzenera. Ndinawonjezera limodzi, ananyamulanso, ndinawonjezeranso lina, amuna aja akudandaula kuti misana yatha. Pomaliza m'manja mwanga munatsala khadi limodzi, la chaka chomaliza cha chipani chimodzi, losagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Ndinaliika. Anatsitsa. Ndinasesa nsalu molowera mbali imodzi, ndinaima kumutu kwa tebulo, n'kugubuduza mpira woyera ndi dzanja.

Unayenda pakati penipeni, unachepetsa liwiro, n'kuima. Sunapatuke.

"Ba Maka!" ndinatero, ndikutembenuka.

Benchi lili pomwe linali, pansi pa zenera. Mbali imene ankakhala ndi yosalala kuposa kwina, ndipo pakhoma pali mthunzi wakuda pamene ankatsamiritsa mutu. Pansi pa benchi pali kachitini ka choko kamene palibe amene wakachotsa. Ndodo ikadali pa msomali, choimirira, fumbi lili mbuu, chifukwa achinyamata a masiku ano amati ili ndi mankhwala ndipo saigwira. Chanda ndi amuna aja anabwerera ku makireti awo.

Ndinagubuduzanso mpira uja kachiwiri, kenako kachitatu. Kwa ine ukuoneka kuti ukuyenda mowongoka. Koma kwa ine unkaonekanso wowongoka zaka zonse zija, ndipo munthu amene akanandiuza zoona tinamuika m'manda Loweruka.